Matewera Oyera Pachingwe

Pabwalo limodzi panali nyumba ziwiri ndi chingwe chimodzi choyanikapo zovala. Chingwecho chinayambira pamzati wa khonde la nyumba yaikulu, momwe munkakhala mayi wina wamasiye, n'kukathera pamsomali wokhomedwa pamwamba pa windo la kanyumba kakuseri, momwe mwana wawo wamwamuna ankakhala ndi mkazi wake. Akazi awiriwa sankayankhulana zopitirira moni. Zonse zimene wina ankadziwa za mnzake ankaziona pachingwepo: kuti uko kwagona alendo, kuti uku kwagulidwa diresi yatsopano, kuti wina sanadzuke bwino chifukwa bulangete lachapidwa pakati pa sabata.

Mkazi wa m'kanyumbako anthu ankamutchula kuti Maliboni, chifukwa ntchito yake inali yokongoletsa malo ochitira maukwati. Ankalowa muholo ya makoma ong'aluka, ya siling'i ya mawanga a mvula, ya mipando yopunduka miyendo, koma pofika masana eni ake a holoyo ankaima pakhomo n'kumadzifunsa ngati asochera. Pong'aluka ankagwetsapo nsalu yoyera. Pabanga ankaikapo duwa. Mpando wothyoka ankauveka chovala mpaka pansi, n'kuumanga liboni m'chiuno ngati mkwatibwi. Munthu akamufunsa chinsinsi chake, ankaseka n'kunena kuti, "Maso a munthu ndi mwana womvera, amapita kumene wawatuma."

Mwamuna wake anali wojambula zithunzi, ndipo anakumana muholo momwemo. Tsikulo Maliboni anali pamwamba pa makwerero, mapini ali kukamwa, pamene anamva wina pansi akuimba kamluzu ka nyimbo yosadziwika. Mnyamatayo anali ataipeka yekha, yopanda mawu, yokwera pang'ono kenaka n'kutsika ngati munthu amene akufunsa funso mwamanyazi. Kamluzu kameneko kanasanduka chinsinsi cha awiriwo. Ali pachibwenzi ankakaimba kuseri kwa mpanda. Atakwatirana ankakaimba pageti madzulo aliwonse, kuti mkazi wake adziwe kuti amene akugwedeza loko ndi mwini wake. Maliboni atakhala ndi pakati, mwamunayo ankagwada n'kuimbira kamluzuko pamimba, ndipo mwana ankagunda m'katimo.

"Wamva?" ankatero uku akuseka. "Uyu adzandidziwira mluzu asanandione nkhope."

Koma panali mawu ena amene Maliboni anawasunga pamalo pomwe mluzu sunkafika. Tsiku lina ali ndi mimba yaikulu, akuanula zovala kumapeto kwa chingwe, anamva apongozi ake akucheza ndi mnzawo pakhonde, osadziwa kuti kuseri kwa shiti yoyanikidwa kuli munthu.

"Kukongola ndiye wakongola, sindikana ayi," ankatero apongoziwo. "Koma ameneyu ndi mkazi wa pachithunzi. Tidzaona mwana akadzafuna kudya. Kodi liboni limayamwitsa?"

Mnzawoyo anaseka mpaka kutsokomola. Maliboni anapinda shitiyo bwinobwino, ngodya ndi ngodya, n'kulowa m'nyumba. Sanauze mwamuna wake. Mawuwo anamulowa ngati kaminga kaja kosaoneka pochotsa, koma komveka paliponse pamene waponda.

Mwana anabadwa wamwamuna, wa tsitsi lambiri ndi zala zazitali ngati za bambo ake. Pa tsiku lotuluka m'chipatala, namwino wina wonenepa, wa mawu okhuthala, anaima pamapazi a bedi n'kuyankhula mothamanga, popeza azimayi ena anali akumudikira.

"Mayi, musamafunse bere ngati mwana wakhuta, silikuyankhani. Muzifunsa thewera. Likamanyowa pafupipafupi, ndiye kuti mwana akudya. Likayamba kuuma, kapena mukaona maso ake akusanduka achikasu, musadikire tsiku la sikelo. Mungonyamuka."

Apongozi, amene anabwera kudzanyamula chikwama, anagwedeza mutu. "Mwamva, mayi a mwana? Ife sitikuvutitsani. Tizingoonera pachingwe."

Mwina inali nthabwala chabe ya munthu wokondwa kuti waona mdzukulu. Koma Maliboni anaimva ndi khutu lomwe lija la kuseri kwa shiti.

Kunyumba zinthu sizinayende monga mwa zithunzi za m'makalendala, momwe mayi amamwetulira mwana ali phee pachifuwa. Mwanayo ankagwira nsonga yokha ya bere, n'kukoka ndi nkhama, n'kupulumuka, n'kugwiranso, kenaka n'kulira mokwiya mpaka nkhope kuda. Posakhalitsa nsongazo zinang'ambika ngati nthaka ya m'chilimwe. Mabere anatupa, nalimba ngati miyala, moti ngakhale nsalu ya malaya ikawakhudza misozi inkadza yokha. Nthawi yoyamwitsa ikakwana, Maliboni ankaluma kolala ya diresi yake kuti kubuula kwake kusadutse bwalo. Akayesa kufinya, kunkatuluka timadontho tochepa tosakanikirana ndi magazi. Ndiye ankayang'ana timadonthoto n'kumva mawu aja akuseka m'mutu mwake: kodi liboni limayamwitsa?

M'mawa wina anamasula thewera la mwanayo n'kupeza lili gwa, louma ngati sanalivale. Pakati pake panali kabanga kamodzi kofiirira ngati fumbi la njerwa. Anakhala kanthawi ataligwira m'manja. Mawu a namwino anawakumbukira onse, sanaiwale ndi limodzi lomwe. Anaimirira, nasuzumira pampata wa katani. Apongozi anali pakhonde lawo, kapu ya tiyi ili m'manja, maso ali pachingwe. Ndipo chingwe cha mbali yake chinali chopanda kanthu, mapegi okhaokha atandandalika ngati mbalame zodikira.

Sanaganize nthawi yaitali. Manja ake anachita zimene anazolowera kuchita akapeza khoma long'aluka. Anaponya thewera loumalo m'beseni. Anatsegula chikwama, natulutsa matewera ena atsopano, oti sanakhudzepo thupi la mwana, nawaviika onse m'madzi a sopo. Anawatsukuluza, nawafinya, natuluka nawo mutu uli m'mwamba. Anawayanika limodzilimodzi, molingana bwino, mpaka mbali yake yonse ya chingwe inayera mbuu.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anapereka moni.

"Tadzuka. Kaya inu ndi abwanawo?" Apongozi anayang'ana mzere wa matewerawo kuyambira kumsomali mpaka pakati, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwireni Maliboni anaona kankhope kawo kakufewa. "Eee, koma ndiye akugwira ntchito bamboyu. Akukhuta ameneyu."

Mawu amenewo anamutsekemera Maliboni mpaka m'mafupa. Polowa m'nyumba anadziuza kuti ndi za lero lokha. Mawa mkaka ubwera, mabala apola, ndipo palibe amene adzadziwe kuti panali tsiku limene chingwe chinanama.

Mawa linafika, koma mkaka sunatsike. Mwana analira mpaka mawu kusasa, ndipo Maliboni anaopa kuti kulirako kuulula zimene matewera anabisa. Anawiritsa madzi, nasungunuliramo shuga, nawaziziritsa, n'kumamudonthezera mwanayo ndi kasupuni. Mwanayo anameza mwadyera, natseka maso. M'nyumba munagwa bata. Atatero anatenganso beseni lija.

Kunali nyengo ya maukwati, ndipo mwamuna wake ankachoka dzuwa lisanatuluke n'kubwera litalowa, kamera ili pakhosi, mapazi atatupa. Kamluzu kakamveka pageti, Maliboni ankabisa kapu ndi kasupuni kuseri kwa mabotolo a mafuta odzola, n'kusamba kumaso, n'kuvala mpango waukhondo. Mwamunayo ankapeza chipinda chonunkhira sopo, mkazi womwetulira, ndi mwana wogona.

"Koma Mulungu watikondera," anatero tsiku lina, atawerama pa kabedi. "Anzanga kuntchito akuti khanda limasandutsa munthu mlonda. Uyu ndiye bwana weniweni, sasokoneza anthu."

"Watengera inu, tulo," anayankha Maliboni.

"Ine? Ine ndimagona chonchi? Iwe usandinamizire pamaso pa mwana wanga." Anaimba kamluzu kaja motsitsa pafupi ndi khutu la mwanayo. Zikope zinagwedezeka, kankhope kanatembenukira kumene kunkachokera nyimboyo, kenaka tulo tinamukokanso. "Waona? Wandidziwa. Nanga iweyo bwanji ukuyenda ngati wanyamula mazira pachifuwa? Zikupweteka?"

Apa ndiye panali pakhomo poululira zonse, ndipo chitseko chinali chotsegula. Maliboni anayang'ana nkhope ya mwamuna wake, yotopa koma yowala ngati ya mwana amene wapatsidwa mphatso. Anaganiza kuti akangonena, mwamunayo adutsa bwalo n'kukagogoda kwa amayi ake, chifukwa kwa iye vuto lililonse linkathera kumeneko.

"Ndi kutopa chabe," anatero. "Mukasambe, madzi akuzizira."

M'chipindamo munali makatani achikasu amene Maliboni anasoka yekha ndi nsalu yotsala paukwati wina. Ankawakonda chifukwa dzuwa likawomba, chipinda chonse chinkaoneka ngati chaviikidwa mu uchi. Tsopano sankawatsegulanso. M'kuwala koteroko chilichonse chinali chachikasu: khoma, pilo, manja ake omwe. Ndiye pamene anaona kuti khungu la mwana likusintha, ndi kuti koyera kwa maso ake sikukuyeranso, anali ndi pothawira. Anadziuza kuti ndi katani. Mtima wake unkadziwa kuti kungotenga mwanayo n'kuima naye pakhomo kukanathetsa funsolo, ndipo n'chifukwa chake sanayandikire pakhomopo.

Lamulungu masana mwamuna wake anapeza kampata. Anamukhazika Maliboni pampando pafupi ndi windo, mwana ali pachifuwa, nawajambula. Zithunzi za makasitomala ankazitulutsa zamitundu, koma za anthu amene ankawakonda ankazitulutsa zakuda ndi zoyera, ati chifukwa mtundu umasokoneza maso kuona mtima. Chithunzicho chinatuluka chokongola moti anachikulitsa, nachipachika pagalasi la kutsogolo kwa situdiyo yake. China chaching'ono anakapereka kwa amayi ake, ndipo iwo anachiimika pamwamba pa kabati.

Madzulo a tsiku lotsatira apongozi anadutsa bwalo, atanyamula fulasiki ya tiyi wa mkaka. Chibadwire mwanayo anali asanafike pakhomo limenelo.

"Odi kuno."

Maliboni anatsegula pang'ono, thupi lake litatseka mpata. Usiku wathawo anali atayamba kumva kuzizira m'mafupa, ndipo bere lakumanzere linali lofiira, lotentha ngati mbaula.

"Ndati ndidzaone mwamuna wangayu," anatero apongozi, kutchula mdzukulu wawo mwanthabwala. "Pachithunzi pokha sindikukhuta."

"Wangogona kumene, amayi."

"Amangogona? Ine sindikumumvanso kulira masiku ano."

"Akakhuta amatero."

Apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali. Anaona milomo youma ndi thukuta pamphumi. Pakamwa pawo panatseguka ngati afunsa kanthu, ndipo Maliboni anamva mawu ake omwe akukwera kukhosi, atatu okha: amayi, zikundikanika, ndithandizeni. Anafika mpaka kuseri kwa mano. Koma maso a apongozi anatsika n'kuima pachifuwa pake, ndipo iye anakokera mpango wake pamenepo, nameza mawuwo.

"Chabwino," anatero apongozi, akumupatsa fulasikiyo. "Ine khomo la eni sindikankha."

Anabwerera pang'onopang'ono, akuwerama podutsa pansi pa matewera. Nawonso anali ndi kunyada kwawo. Sanafune kuti mawa adzamveke kuti ndi apongozi aja olowerera za m'nyumba ya ana.

Tsiku la sikelo litakwana, Maliboni anauza mwamuna wake kuti kuchipatala asintha tsiku. Ankadziwa kuti sikelo siiona maliboni. Mwamunayo anavomera, nanyamula kamera yake, napita.

Tsiku limenelo kunatentha kuyambira m'mawa. Maliboni anachapa matewera ake oyera kale, nawayanika. Mwana sanafune ngakhale madzi a shuga. Ankangowasiya kuti atsike m'mbali mwa kamwa. Mayiyo anagona pambali pake kuti apumule pang'ono, ndipo kutentha kwa thupi kunamumiza m'tulo tolemera, momwe ankalota akukongoletsa holo yopanda mapeto, nsalu ikumuthera, ming'alu ikuchulukirachulukira.

Chakumasana mitambo inasonkhana, mphepo n'kuyamba kukupiza zovala. Apongozi anatuluka kukaanula zawo. Ataona kuti m'kanyumba muli zii, anati aanulenso matewera a mdzukulu wawo asanyowe ndi mvula. Anachotsa loyamba, naliponya paphewa. Anachotsa lachiwiri. Pa lachitatu manja awo anaima.

Mayi ameneyu analera ana, ndipo ankadziwa kuti thewera limene lavalidwa ndi khanda silibwereranso ku uyera wake. Ungalichape ndi sopo wamtundu wanji, pakati pake pamatsala chithunzithunzi chachikasu, ndipo nsalu yake imafewa. Awa anali oyera ngati a m'sitolo. Analitambasula limodzi molozetsa kumwamba, naona kuti mizere ya mmene analipindira kufakitale ikuonekabe. Analinunkhiza. Sopo yekhayekha. Anayang'ana mzere wonsewo, matewera owala mbee pansi pa mtambo wakuda.

Ulendo uno sanaodire. Anakankha chitseko, nalowa mpaka kuchipinda. Maliboni anadzidzimuka ataona apongozi ake atanyamula kale mwana.

"Amayi, wagona..."

Apongozi anatembenuka. Anatuluka naye panja, naima pakati pa bwalo, namuvundukula. Maliboni anawatsatira akudzandira, ndipo kumeneko, pansi pa thambo lopanda katani, anamuona mwana wake kwa nthawi yoyamba m'masiku ambiri. Anali wachikasu kuyambira kumaso mpaka kuzikhatho ndi kumapazi. Liwombo linali litalowa m'kati ngati chala chadindapo. Milomo inali youma, khungu la pamimba litakwinyika ngati la nkhalamba. Dontho la mvula litamugwera pamphumi, mwanayo anapinda msana chagada, natulutsa kulira kopyapyala, kokwera, kosafanana ndi kulira kwa mwana wa munthu.

"Wakodza liti mwanayu?" anafunsa apongozi. Mawu awo anali otsika.

Maliboni anayang'ana chingwe.

"Musayang'ane uko. Ndaona kale. Ndikufunsa inu."

"Dzana... mwina dzana, pang'ono."

"Akudya chiyani?"

"Madzi a shuga." Anakhala pansi pafumbi. "Sakutha kuyamwa, amayi. Chibwerereni kuchipatala sanayamwepo bwino. Ndilibe mkaka. Munanena zoona, liboni siliyamwitsa."

Apongozi anazindikira kuti mawuwo anali awo omwe. Nkhope yawo inachita ngati munthu amene wakumana panjira ndi galu wake yemwe, atamuluma mwana wa eni. Kenaka anamangirira mwanayo pachifuwa pawo, natambasula dzanja.

"Dzuka, mwana wanga. Zolira tikalirira kutsogolo. Tenga nsapato."

Anaimitsa galimoto yoyamba imene inadutsa pamsewu. Mvula inawapeza m'njira. Kuchipatala mwanayo anamulanda m'manja mwawo pakhomo pomwe, ndipo pamene bambo ake ankafika, atathawa pakati pa ukwati wa eni kamera ikadali pakhosi, anamupeza ali maliseche m'kabokosi kagalasi, maso atamangidwa kansalu, nyali ya buluu ikumuwalira, kachubu kali pamkono. Dokotala anati chikasu chakwera kwambiri moti nyali yokha sikwanira, ayenera kumusintha magazi. Anati ayesetsa kupulumutsa moyo, koma za zimene chikasucho chawononga kale m'mutu, adzadziwa m'tsogolo.

Mwamunayo anaima pakhonde la wodi, akuyang'ana mkazi wake ngati chithunzi chimene watulutsa koma sakuchizindikira.

"Ndinakufunsa," anatero. "Ndinakufunsa kuti zikupweteka?"

"Munandifunsa."

"Nanga ine ndinali ndani m'nyumba muja? Kasitomala?"

Amene anayankha anali apongozi, ali pabenchi, nsapato zawo zonyowa zili pambali. "Usamuthere mawu yekha. Iwe unkaona chithunzi, ine ndinkaona chingwe. Panalibe amene anamutenga mwanayu n'kumuyang'ana padzuwa."

Namwino wonenepa uja ndi amene anamutenga Maliboni n'kupita naye m'kachipinda kena. Sanamukalipire, ndipo kusakalipako kunapweteka koposa. Anamuika nsalu zofunda pachifuwa, namusonyeza poika zala, kutali ndi nsonga, ndi mmene angakankhire chakumbuyo asanafinye. Poyamba ululu unamuchititsa chizungulire. Kenaka kunatuluka dontho, lina, kenaka mkaka unathamanga m'kapu ngati mpopi umene unangotsekeka. Maliboni anayang'ana kapuyo ikudzaza, yoyera, yofunda.

"Mkaka munali nawo wokwana ana awiri," anatero namwinoyo. "Vuto linali m'kamwa mwa mwana. Pansi pa lilime lake pali kamnofu kamene kalimanga, ndiye samatha kulitulutsa kuti akoke bere. Adokotala akadula mwanayu akapezako mphamvu. Ndi kanthu ka kanthawi kochepa, mwana amalira pang'ono basi n'kuyamba kuyamwa. Mukanabwera tsiku lomwe thewera linauma, mukanabwerera kwanu tsiku lomwelo."

Pamenepo ndi pamene Maliboni analira, kapu ili m'manja, osasamala kuti akumumva ndani.

Mwanayo sanamwalire. Anatuluka m'chipatala atayera maso, akuyamwa mwamphamvu ngati akubweza masiku amene anataya. Pabwalo paja zinthu zinasintha. Makatani achikasu anatsitsidwa. Pachingwe panayamba kuoneka matewera a mawanga, ofewa, osakongola, ndipo kawirikawiri amene ankawachapa anali apongozi, atakhala pampando waufupi pakhomo la kanyumba, akukangana ndi Maliboni za kuchuluka kwa sopo. Mwamunayo anatenga nthawi kuti ayambenso kuseka m'nyumba, koma mwana atayamba kunenepa, masaya kutuluka, kamluzu kanabwerera pageti. Onse anayamba kukhulupirira kuti tsoka linangowanunkhiza n'kudutsa.

Anali Maliboni amene anayamba kuona. Tsiku lina mwana ali ndi miyezi ingapo, atamugoneka pamkeka akusewera ndi zala zake, chivundikiro cha poto chinamupulumuka n'kugwa pasimenti pafupi ndi mutu wa mwanayo. Phokoso lake linadzidzimutsa ngakhale nkhunda padenga. Mwanayo sanaphethire. Anapitiriza kuyang'ana zala zake, akumwetulira.

Maliboni anaima chiimire. Anatola chivundikirocho, napita kumbuyo kwa mwanayo, nachimenya ndi supuni. Palibe. Anamuitana, anaomba m'manja. Palibe. Ndipo m'kati mwake anamva manja aja akale akuyamba kufunafuna nsalu yophimbira: mwina ndi tulo, mwina ndi chibwana, tidikire, bambo ake asadziwe kaye. Anaika chivundikirocho pansi. Ananyamula mwana, nadutsa bwalo, nagogoda pachitseko cha nyumba yaikulu.

"Amayi, tabwerani mudzaone. Ndikuganiza kuti mwanayu sakumva."

Anapita naye kuchipatala m'mawa mwake, onse atatu. Anamuika timawaya kumutu ali m'tulo, namuyeza khutu lililonse. Dokotala anayankhula mofatsa, nawauza za timakina tovala m'makutu timene mwina tingathandizeko, ndi za sukulu zophunzitsa kuyankhula ndi manja. Koma pansi pa mawu onsewo panali mawu amodzi. Chikasu chija chinapita, koma popita chinatseka makutu a mwanayo n'kutenga kiyi. Ulendo uno Maliboni anafulumira, koma anafulumira pakhomo limene linatsekedwa kale masiku aja ankayanika matewera oyera.

Madzulo a tsiku limenelo mwamunayo anatuluka kukayenda yekha. Pobwera, dzuwa likulowa, anafika pageti, ndipo milomo yake inayamba yokha kamluzu kaja. Kanakwera pang'ono, kanafika pamene kamafunsa funso, n'kudukira pomwepo. Maliboni anali pakhonde mwana ali pamiyendo, atafulatira geti. Mayi yekha ndi amene anatembenuka.

Mwamunayo anayenda mpaka pakhondepo, nagwada monga ankagwadira kale pamimba. Anatenga kadzanja ka mwana wake, nakaika patsogolo pa milomo yake, naimba nyimbo yonse mpaka kumapeto. Mwanayo anamva kamphepo kakumugirigisha pachikhatho, naseka kwambiri, kuseka kwake kosadzimva. Bambo ake anaimbanso, misozi ikutsikira m'ndevu. Maliboni anayang'ana kumbali. Pakhonde la nyumba yaikulu apongozi analowa m'nyumba mwakachetechete, ndipo chithunzi chija cha pakabati anachigoneka chafufumimba.

Chachikulu chija chidakali pagalasi la situdiyo, chifukwa mwini wake mtima sumulola kuchichotsa, komanso sumulola kuchiyang'ana. Amayi oyembekezera akamadutsa amaima, n'kugwirana pamkono. "Taonani mwana wamtendere uyo, wagona ngati mngelo. Ndi mayi akewo, kuwala kwake. Anthu ena ndiye anadalitsidwa." Ena amalowa n'kupempha kuti akadzabereka adzawajambule chimodzimodzi. Wojambulayo amangovomera ndi mutu. Iye, mkazi wake ndi amayi ake okha ndi amene amadziwa kuti tsiku limene chithunzicho chinkajambulidwa, mwanayo sanagone chifukwa chokhuta, ndipo panja pa windo lomwe linkawawalitsalo panali mzere wa matewera oyera amene sanavalidwepo. Akuluakulu anaona kutali pamene anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.